Katundu akuyenda koma mashelefu akuyera: nditenge ngongole ya filiji?

Nambewe wa pa Chitakale:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndati ndilankhuleko chifukwa nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Ndili ndi okala kuno ku Mulanje, chakumtunda kwa Chitakale, pa njira imene anthu a ku esiteti ya tiyi amadzera popita ndi poweruka. Ndinayamba mu 2021 ndi ndalama za nandolo kuphatikiza zimene tinagawana ku banki mkhonde, zonse pamodzi K380,000. Ndimagulitsa za tsiku ndi tsiku: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira oyeza, soya, machesi, makandulo, mabanzi, mazira ndi mayunitsi. Kukaoda ndimapita ku Limbe kawiri pamwezi kudzera msewu wa Midima, zina zikandithera pakati pa sabata ndimangopikula pa Chitakale pomwepa.

Makasitomala ndili nawo, sindinama. Tsiku lolandira ku esiteti nsima ndimadya choimirira. Koma chodabwitsa n'chakuti chaka ndi chaka mashelefu akunka nayera. Poyamba ndinkaoda mabelo atatu a shuga, pano limodzi, nthawi zina kugawana ndi mnzanga. Ndalama imene ndimanyamula popita ku Limbe ndi yambiri kuposa ya mu 2021, koma katundu wobwera naye amakwana pamiyendo, pomwe kale kondakitala ankandilipiritsa mpando wina.

Buku la ngongole ndaliwonkhetsa dzulo, lakwana K214,000. Ena ndi a ku esiteti amene amabweza akalandira, ena ndi achibale a bambo a kunyumba, ndipo pali mayina ena amene eni ake sindinawaonenso chichokereni chaka chatha. Bambo amayendetsa njinga yamoto ya eni, tsiku likavuta ya ndiwo imachokera mu okala momwemu. Mwana wamkulu ali Fomu 2, fizi yakenso ndi momwemu.

Apongozi akuti ndi chitaka, anandiikira makala ndi singano m'kabokosi ka ndalama. Miyezi inayi yatha, makala ali phee, ndalama zikupitabe.

Tsono maganizo anga ndi awa. Pali mayi wina akusamukira ku Blantyre, akugulitsa filiji yogona, yogwirapo kale ntchito, pa K450,000. Pamzere wathu palibe ali ndi zozizira. Ndikufuna kutenga ngongole ku banki mkhonde, kwathu chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 iliyonse pamwezi, kuti ndiyambe zakumwa, mafilizesi ndi thobwa, mwina phindu lake n'kudzutsa okalayi. Inu amene munadutsamo, nditenge kapena ndikudzikumbira dzenje?

Bambo a Tadala, Luchenza:

Mayi, chitaka chilipo ndithu. Ine ndinachigwira m'golosale yanga pa Luchenza, ndipo nditachiyang'anitsitsa ndinapeza kuti nkhope yake ndi yanga yomwe. Golosale ndinayendetsa kuyambira 2013 mpaka 2024, pano ndili pa chigayo, ndiye ndikulankhula zimene zinandiwawa.

Za filiji dikirani kaye. Lamlungu likudzali mukachoka kutchalitchi musatsegule. Khalani pansi muwerenge chilichonse chili pa shelefu, ngakhale kabokosi ka machesi, ndipo chilichonse muchilembe pa mtengo umene mungachigulire ku Limbe sabata ino, osati umene mumagulitsira. Onjezani ndalama ya m'kabokosi ndi ya mufoni. Nambala mupezeyo ndiye mpamba wanu. Za m'buku la ngongole musaphatikize, zimenezo ndi nkhani chabe mpaka zitalowa m'manja. Mwezi wamawa tsiku ngati lomwelo muwerengenso. Ine ndinatha zaka zisanu ndisanachitepo zimenezi, ndinkangoona kabokosi kakudzadza madzulo n'kumati bizinesi ikuyenda.

Chimene chayeretsa mashelefu anu, chachikulu, ndi momwe mumaikira mitengo. Tinene kuti katoni ya sopo mwaoda K30,000, mwagulitsa yonse mwapeza K36,000. Mumtima mwati phindu K6,000, mwagula nsomba, mwapatsa mwana ya kope. Mwafika ku Limbe, katoni yomweyo ili pa K34,500, ndipo gawo lake pa thiransipoti ndi K1,000. Phindu lenileni linali K500. K5,500 inayo mwadya mpamba, koma pakamwa inakoma ngati phindu. Chitani zimenezi pa shuga, pa mafuta, pa mchere, kawiri pamwezi kwa zaka zinayi, mabelo atatu aja asanduka limodzi popanda wakuba aliyense.

Ine zinandiphunzitsa mu Novembala 2023, tsiku limene Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Sabata imeneyo ndinali nditangooda, golosale ili tho. Anzanga anatseka masiku awiri kudikira mitengo yatsopano, ena anakweza m'mawa womwewo. Ine ndinati ayi, katunduyu ndinagula pa mtengo wakale, kukweza n'kubera anthu. Anthu anamva, anabwera mpaka a ku Chonde, masiku anayi golosale mbee. Ndinanyamula ndalama zonsezo kupita ku Limbe ndikumwetulira, ndinabwerako ndi katundu wosadzadza theka la mashelefu. Mu Meyi 2022 kwacha itagwa ndi 25 pa 100 zinandichitikiranso chimodzimodzi, koma sindinatolepo nzeru. Sindikunena kuti muzidyera anthu masuku pamutu. Ndikunena kuti mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo umene mukagulire mawa. Khalani ndi nambala ya mnyamata mmodzi wa m'sitolo imene mumaoda, muzimuimbira Lolemba lililonse.

Za ndiwo ndi fizi: banja liyenera kudya kuchokera mu okala, n'chifukwa chake munaitsegula. Koma dzilembeni ntchito. Nenani kuti ine Nambewe ndimalandira mwakutimwakuti pa sabata, mutenge Loweruka, muike kwina. Paketi ya shuga ikamapita kunyumba muilipire kuchokera pamenepo monga kasitomala wina aliyense. Poyamba zimaoneka ngati misala, kugula shuga wako yemwe.

Ngongole za a ku esiteti zili ndi nyengo yake, inu mukudziwa kuposa ine. Tiyi amachuluka ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo nthawi imeneyo amalemba anthu ambiri aganyu. Masamba akachepa ambiri amaimitsidwa, wina abwerera kwawo ku Phalombe, wina awoloka Muloza. Mayina mukuti eni ake simunawaonenso aja, taonani madeti ake, ndikhulupirira ambiri ndi a mu Malichi ndi Epulo. Ine wanyengo ndinkasiya kumukongoza Febuluwale akamatha, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, chifukwa wothawitsa si mtima wake koma kutha kwa ntchito.

Pomaliza masamu a filiji. K450,000 pa 20 pa 100 ndi K90,000 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokha, ngongoleyo isanakhudzidwe. Ngati botolo limodzi likupatsani K150, mufunika mabotolo 600 pamwezi, kapena kuti 20 tsiku lililonse, kuti mungodyetsa anzanu a ku banki mkhonde. Mayunitsi a magetsi sitinawerenge. Ngongole ya banki mkhonde ndi ya katundu wotuluka sabata ziwiri, monga kupikula chimanga pa Limbuli. Filiji imabweza ndalama pang'onopang'ono, siyenderana ndi chiwongoladzanja cha pamwezi.

Jay wa pa Limbuli:

Madala a Tadala mwalankhula zomveka koma mukuwaopseza mayiwa. Bizinesi osaika ndalama sikula. Ine ndinayamba ndi tebulo la mayunitsi, pano ndili ndi kashopu ka Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndinakwera ndi ngongole yomweyo.

Mayi, ngati filiji ikuopsa, bwanji osakhala ejenti? Malo muli nawo kale, anthu a ku esiteti akalandira amatumiza ndalama kumudzi, komishoni imabwera, ndipo wobwera kudzatapa ndalama amagulanso sopo pomwepo. Sizifuna magetsi, foni yatchaji basi. Chenjezo limodzi: musapereke ndalama chifukwa munthu wakuonetsani uthenga pafoni yake, kapena chifukwa uthenga walowa pa yanu. Onani balansi kaye. Mauthenga abodza alipo ambiri, ndipo wina akakuimbirani kuti ndi wa ku ofesi mumuuze PIN, dulani foni. Ine anandimwetsa K60,000 mwezi wanga woyamba, mpaka lero ndikaganiza mutu umatentha.

Bambo a Tadala, Luchenza:

Mphwanga, ndalama yoyendetsera ejentiyo ichokera kuti? Imenenso ndi mpamba, ndipo ikasakanikirana ndi ya shuga m'kabokosi kamodzi, mayiwa sadzadziwanso mbali imene ikudontha. Mapanga awiri avumbwitsa. Ayambe atseka denga la phanga loyambali.

Anaphiri a ku Thekerani:

Achemwali, ine ndikugwirizana ndi masamu a bambowa, koma pa ngongole ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa iwo anali pa tauni ya Luchenza, ife tili pakati pa abale.

Kumudzi sungalembe pakhoma kuti ngongole mawa n'kumaganiza kuti watha. Amene ukumukaniza mchere lero ndi amene adzakumbe manda a mayi ako. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mpamba umaola. Ine ndinachita kupatula. Mwezi uliwonse ndili ndi kandalama kamene ndinakatcha ka abale, ndipo kameneko sindikongoza, ndimapereka. Alamu akabwera kuti tipatseni shuga tidzabweza, ndimati tengani, musabweze, koma mwezi uno ndi yomweyi. Kakatha katha. Mudzaona kuti n'kotchipa kusiyana ndi kulemba m'buku zinthu zimene nonse awiri mukudziwa kuti sizidzabwera, ndipo chidani sichikhalapo chifukwa palibe amene akuzemba mnzake panjira. Munthu amene ali nawe ngongole sagulanso kwa iwe, achemwali. Akapeza ndalama amakagula kwa mnzako kuopa kuti umukumbutsa. Umataya ndalama, umatayanso kasitomala.

Kwa ena onse ikani malire. Wa ku esiteti wokhazikika, osapitirira ndalama imene angabweze pa malipiro amodzi, ndipo yakale isanathe yatsopano palibe. Tsiku lolandira musamadikire madzulo. Madzulo ndalama imakhala itagawidwa kale, wa katapila watenga yake, wa kachasu watenga yake. Ndipo akuluakulu a kunyumbawo muwauze okha za achibale awo, pa awiri, buku lili potsegula. Amuna ambiri sadziwa kuti alongo awo atenga zingati.

Za filiji ndili nayo, ndiye ndinene. Ine kale ndinali wa nthochi. Tinkadzadza malole kuchokera kuno kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mpaka matenda a chisaka atalowa m'minda, alangizi n'kutiuza kuti tizule zonse. Lero nthochi zambiri mukuziona m'misika ya m'tauni zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ife a ku Thyolo tikungoyang'ana. Nthochi zitatha ndinalowa mapeyala, kenako ndinagula filiji ndi ndalama yanga, osati ya ngongole, ndipo ndimayamika Mulungu kuti inali yanga. Ndinagula kumapeto kwa 2021. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi anayamba kuthima maola ambirimbiri kwa nthawi yoposa chaka. Mafilizesi amasungunuka, thobwa limasasa. Chaka chomwecho kunabwera kolera, makhonsolo ambiri n'kuletsa zakudya ndi zakumwa zokonza pakhomo. Ikanakhala ya banki mkhonde bwenzi atandilanda ndi malata omwe.

Chinanso, inu muli pansi pa phiri. Kuyambira Meyi mpaka Julayi chiperoni chikagwa ndani amafuna chozizira? Anthu amafuna tiyi ndi mbatata. Filiji imadya bwino kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, ndipo mwayi wake ndi wakuti nthawi imeneyo anthu ali ndi ndalama za nandolo. Koma nandolonso musamudalire kwambiri, mukukumbuka 2017 India atachepetsa kugula, anthu anangomuunjika m'nyumba. Ndiye ngati mugule, mugule cha mu Ogasiti, ndi ndalama yanu, ndipo wogulitsayo aiyatse usiku wonse inu muone m'mawa ngati madzi aundana. Filiji ya munthu wosamuka imakhala ndi nkhani zake.

Chimene chimandipindulira kwambiri m'filijimo si zakumwa za m'mabotolo ayi, phindu lake n'lochepa ndipo makireti amafuna dipoziti. Ndi thobwa la mawere ndi madzi a zipatso. Inu muli kwawo kwa zinanazi, nthawi yake zimachita kuwolera pamsewu.

Mphunzitsi wopuma, Bvumbwe:

Ndiwonjezereko mbali imene sinakhudzidwe. Ndimathandiza gulu la alimi a ng'ombe zamkaka kuno kulemba mabuku, ndiye ndimaona zimene obwereketsa ndalama amafunsa.

Aliyense wokongoza pa chiwongoladzanja chabwinoko, kaya SACCO, kaya banki, amafuna kuona pepala. Mawu akuti makasitomala ndili nawo sawathandiza. Kope la masamba 80 ndi lokwanira: tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka, tsiku lililonse, ndipo malisiti a ku Limbe muziwabaya pa waya m'malo mokulungira mabanzi. Mukachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi muli ndi umboni, komanso inu eni mudziwa ngati okala ingathe kubweza ngongole.

Chiphaso cha khonsolo muzidula chaka chilichonse, n'chotchipa kusiyana ndi kutsekeredwa pa tsiku lolandira. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi kutenga nambala ya msonkho yotchedwa TPIN ku MRA pa msinkhu wanu si zothamangira, koma tsiku limene mudzafune kuperekera katundu ku sukulu, ku esiteti kapena ku malo ogona alendo a ku Likhubula, adzakufunsani zimenezo pamodzi ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi. Mukadzayamba madzi a zinanazi oika m'mabotolo ndi chizindikiro chanu, pamenepo a Malawi Bureau of Standards amalowapo. Mafilizesi samalani nawo, mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 ndi oletsedwa.

Langizo lina laling'ono. Ulendo wa ku Limbe kawiri pamwezi pa katundu wokwana pamiyendo ukukudyerani. Pezani anzanu awiri kapena atatu a maokala, muzisonkha, mmodzi azipita mosinthana. Mukagula mabelo asanu pamodzi mumatha kunenerera, ndipo okala yanu sitsekedwa tsiku lonse. Koma mndandanda ndi ndalama zizilembedwa, wopitayo abwere ndi lisiti.

Nambewe wa pa Chitakale:

Zikomo nonse, ndabweranso patatha sabata. Lamlungu ndinatseka monga ananenera bambo a Tadala, ndinawerenga ndi mwana wanga wa Fomu 2 uja, iye ndi amene amalemba. Katundu yense pa mtengo wa ku Limbe wakwana K296,000, m'kabokosi ndi mufoni munali K61,000. Ndiye kuti K357,000, osafika ndi K380,000 imene ndinayambira, chonsecho K380,000 ya mu 2021 inkagula zinthu zochuluka bwanji. Ndinakhala pa mpando kwa kanthawi osalankhula.

Sabata yonseyi ndalemba chilichonse chopita kunyumba. Ndiwo, makala, shuga, mazira awiri a mwana wamng'ono, ya mafuta a njinga tsiku limene bambo sanapeze kanthu, chopereka cha pamaliro: K41,500 masiku asanu ndi awiri. Ine ndinkaganiza kuti mwina ndi K15,000.

Madeti a m'buku ndaona. Bambo a Tadala ngati munalipo: pa K214,000 ija, K88,000 ndi ya anthu asanu ndi mmodzi, onse a mu Malichi ndi Epulo. Imeneyo ndaidula mzere. Ya achibale ndi K52,000, buku ndinawaonetsa bambo, anangoti "mpaka chonchi?" n'kutuluka panja, koma Lachinayi alongo awo anabweretsa K10,000 okha osaitanidwa. Mitengo ya zinthu zisanu ndi zitatu ndakweza, sopo ndinkagulitsa motsika kuposa mmene ndikamugulire. Awiri anadandaula, mmodzi anapita kwina, dzulo wabweranso.

Filiji ndawauza mayi aja kuti apeze wina. Mtima unawawa chifukwa ndinali nditaiona kale pamene ndidzaiike. Ndayamba chipereganyu ndi amayi atatu a pamzere wathu, K10,000 aliyense pa sabata, ndipo awiri avomera zosonkherana ulendo wa ku Limbe. Achimwene Jay, za ejenti ndazisunga, mwina chaka chamawa.

Chatsala n'chimodzi. Apongozi akuona kuti ndasiya kudandaula, ndiye akuuza anthu kuti makala awo agwira ntchito. Ndiwauze?

Anaphiri a ku Thekerani:

Musawauze, achemwali! Makala sadya mpamba, asiyeni momwemo, singano yokhayo muichotse ingabaye mwana potenga chenje. Apongozi akakhulupirira kuti kabokosiko n'kotetezedwa, auzeni kuti mankhwala ake salola munthu wina kupisamo dzanja, ngakhale mwana wawo. Muona ya mafuta a njinga ikuchepa.

Mu Okutobala kukakhala Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ine ndimabwera ndi thobwa zigubu zinayi, ndimagona kwa mchemwali wanga pafupi pomwepo. Ngati chipereganyu chidzakhale chitakufikani, bwerekani bokosi losungira zozizira, mugule ayezi pa Chitakale, mubwere ndi madzi a zinanazi tidzakhale limodzi. Mudzaone kaye ndi maso anu mabotolo angati amatuluka pa tsiku, ndipo mubwere nalo kope lija.